Kukongoletsa ndodo yowedzera ndi ulusi: mafunso ndi mayankho

Munthu akaona koyamba mawanga amene ali pamwamba pa chogwirira cha ndodo yopangidwa pamanja, amafunsa ngati ndi penti kapena sitika. Ndimangomupatsa ndodoyo kuti aiyang'anitsitse padzuwa. Akayandikitsa maso amaona kuti ndi ulusi, wogonekedwa umodziumodzi, kenako n'kukutidwa ndi epoxy, utomoni umene ukauma umaonekera ngati galasi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera pambuyo pake, makamaka kwa amene afuna kuyesa okha.

Kodi ulusiwu uli ndi ntchito, kapena ndi wokongoletsa chabe?

Ntchito yake yoyamba ndi kugwira mphete zomwe chingwe chimadutsamo. Wopanga ndodo amagula mtengo wake usanavekedwe kanthu, umene ogulitsa amautcha blank. Ndi chubu chachitali cha graphite kapena fiberglass, chonenepa kutsinde, choonda kunsonga. Iye ndiye amaikapo chogwirira, pokhazika chokulungira chingwe, ndi mphete. Mphete iliyonse ili ndi phazi limodzi kapena awiri ogona pa chubucho. Phazilo simungalikhomere, chubu chingang'ambike. Guluu payekha sangalimbe chifukwa nsomba ikakoka ndodo imapindika, guluu n'kuthetheka. Ulusi wokha ndi umene umapindika limodzi ndi ndodo osataya mphete.

Kukongoletsa kunaphukira pamenepo. Poti ulusi uyenera kukhalapo ndithu, wopanga amasankha mtundu wake, amaika kamzere kagolide m'mphepete, ndipo pamalo opanda mphete pakati pa chogwirira ndi mphete yoyamba amaonetsa luso lake lonse.

Luso limeneli linayambira kuti?

M'zaka za m'ma 1800, ku Britain ndi ku America ankapanga ndodo pong'amba nsungwi, kuipala m'timizere 6, n'kutimata pamodzi. Guluu wa masiku amenewo ankagonja ndi chinyezi, choncho ankamanga timalamba ta ulusi wa silika motalikirana pang'ono kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Timalambato tinali tolimbitsa, koma tinkakongolanso, ndipo ngakhale guluu wabwino atabwera ena sanatisiye.

Mawanga opingasana amene tikuwadziwa lero anakula kwambiri ku America pamene ndodo za fiberglass zinafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndi za graphite kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anthu wamba anayamba kugula blank n'kumadzipangira ndodo kunyumba. Dale Clemens wa ku Allentown, m'chigawo cha Pennsylvania, ndi mmodzi mwa amene anasonkhanitsa njirazi n'kuzilemba m'mabuku, ndipo ambiri anaphunzirira kwa iye. N'chifukwa chake mayina a mawanga ndi a zipangizo ndi a Chingerezi mpaka lero.

Koma manja a kwathu si achilendo pa ntchito yotere. Amene anaonapo msodzi akumangirira mbedza ku chingwe, kapena mayi akuluka lichero, kupitiriza kansungwi kena pamwamba kena pansi mpaka mawanga atatuluka, waona kale maziko ake.

Ndigule ulusi wotani?

Wa nayiloni wopangidwira ndodo. Makulidwe ake amalembedwa ndi zilembo, ndipo ofala ndi A ndi D. Wa A ndi woonda, woyenera ndodo zopepuka ndi mawanga ofuna tsatanetsatane. Wa D ndi wonenepa, wa ndodo zolemera monga zazitali zija zopitirira mamita 4 zomwe asodzi a m'mphepete mwa nyanja yamchere ku South Africa amaponyera nyambo kutali. Woyamba kumene angaphunzire bwino ndi D chifukwa umaoneka bwino ndipo umadzaza malo msanga.

Pali wina wolembedwa NCP. Umenewu mtundu wake susintha ukanyowa ndi epoxy, ngakhale suwala ngati nayiloni wamba. Palinso wonyezimira ngati golide kapena siliva, wabwino pa timizere ta m'mphepete, koma musamangire mphete chifukwa si wolimba mokwanira. Silika amagwiritsidwabe ntchito pa ndodo za nsungwi.

Ulusi wa polyester wopetera maluwa pa nsalu, monga wa kampani ya Madeira ya ku Germany, opanga ndodo ambiri amaukonda chifukwa uli ndi mitundu yochuluka zedi. Vuto lake n'lakuti unapakidwa timafuta toti uziterera m'makina osokera, ndipo timafutato timakankha epoxy n'kusiya timaenje. Muyenera kuyamba mwaukuta ndi mankhwala osunga mtundu. Ulusi wa thonje wosokera zovala ulekeni. Uli ndi ubweya umene umaimirira mu epoxy, ndipo ndodo imatuluka yokhakhala.

Ndinakulunga ulusi wachikasu, nditapaka epoxy wasanduka wakuda. Chachitika n'chiyani?

Palibe chimene mwalakwitsa pokulunga. Nayiloni wamba akamwa epoxy amaonekera mkati, monga pepala likadonthezeredwa mafuta ophikira. Chimene mukuonacho ndi mtundu wa blank umene uli pansi. Mitundu yowala, woyera ndi wachikasu, ndi imene imazimirira kwambiri.

Mankhwala ake ndi osunga mtundu aja, amene amawatcha colour preserver. Ndi madzimadzi amene mumapaka pa ulusi musanaike epoxy, kawiri kapena katatu mopyapyala, kulola kuti aume nthawi iliyonse, ndipo komaliza kudikira tsiku lathunthu. Mukasiya kamalo kosafikidwa, epoxy amalowera pomwepo n'kupanga banga. Ena amakonda dala ulusi woonekera mkatiwo, makamaka wofiira pa blank yakuda, umene umatuluka wozama ngati vinyo. Inenso pa mphete ndimaukonda wotero. Koma pa mawanga a mitundu yambiri, sungani mtundu. Ndipo musanayambe ntchito yaikulu, kulungani timalamba toyesera pa chidutswa cha ndodo yothyoka, mupake, muone mmene mitundu itulukire.

Kodi ndiyenera kukhala ndi makina?

Ayi. Katoni yolimba yodulidwa ngati V mbali ziwiri imakwanira kugonekapo ndodo. Muyalepo kansalu kuti isakalike. Ulusi muuike m'kapu kuti usagubuduzike, muudutse pakati pa masamba a buku lalikulu, ndipo mukafuna kuti ukungike kwambiri musanjikepo buku lina. Onjezani lezala yatsopano, tepi ya pepala, rula ya mamilimita, ndi kanthu kosalala kokankhira ulusi, ngakhale chivindikiro cha cholembera. Kuwala kukhale kokwanira. Makina amafulumizitsa ntchito pa mphete, koma mawanga opingasana ngakhale akatswiri amawagoneka ndi manja.

Ulusi umayambidwa ndi kutsirizidwa bwanji popanda mfundo?

Poyamba, mumagoneka nsonga ya ulusi motsata ndodo n'kuikulunga pamwamba maulendo 5 kapena 6 kuti idzitsekere yokha, kenako n'kudula yotsalayo. Potsiriza, kutatsala maulendo 6 mpaka 8, mumagoneka kachingwe kopindidwa pawiri, kupindika kwake kutaloza kumene mukupita, n'kupitiriza kukulunga pamwamba pake. Mukafika pamapeto mumadula ulusi mutaupanikiza ndi chala, kulowetsa nsonga yake m'kachingweko, n'kukoka. Nsonga imalowa pansi pa ulusi unzake. Dulani ndi lezala yogonekedwa, osati yoimika.

Musanamange mphete, palani nsonga ya phazi lake ndi tupa mpaka ipyapyale ngati mpeni wobuntha. Mukapanda kutero ulusi umakana kukwera ndipo pamatsala mpata.

Ndikunge motani?

Mocheperapo kuposa mmene mukuganizira. Mukamaliza kumanga, mphete izitha kusuntha pang'ono mukaikankha ndi chala chachikulu, kuti muthe kuiwongola kuti ifanane mzere ndi zinzake. Kukunga kwambiri kumakanikizira phazi m'chubu, ndipo ndodo yopyapyala imadzathyokera pamenepo.

Mawanga opingasana aja, ooneka ngati dayamondi, amapangidwa bwanji?

Pano ndichedwapo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Ntchito yonse yagona pa kuyeza. Mukayeza bwino, kugoneka ulusi kumakhala kokoma. Mukayeza mothamanga, palibe chala chimene chingawongole pambuyo pake.

Choyamba pezani mizere iwiri yowongoka yotsata ndodo: wina pamwamba, wina pansi pake penipeni. Wapamwamba ufanane ndi pokhazika chokulungira chingwe, kuti msodzi akagwira ndodo mawanga azimuyang'ana. Njira yosavuta ndi kukunga ulusi kuchokera kutsinde kupita kunsonga n'kuumata ndi tepi. Kuti mupeze wapansi, zungulizani kapepala pa ndodo, dulani pamene kakumana, kapindeni pakati. Popindikapo ndiye theka.

Kachiwiri, yezani kuzungulira kwa ndodo pakati pa malo amene mukongoletse. Tinene kuti ndodo ndi yonenepa mamilimita 12. Kuchulukitsa ndi 3.14 kukupatsani pafupifupi mamilimita 38. Pa mzere wapamwamba ikani timadontho totalikirana mamilimita 38. Timadontho 6 titenga malo a mamilimita 190, okwanira bwino pa ndodo yoyamba. Pa mzere wapansi ikani timadontho pakatikati pa tapamwambato, kutanthauza kusuntha mamilimita 19. Mtunda ukafanana ndi kuzungulira kwa ndodo chonchi, ulusi umapingasana mowongoka ndipo dayamondi amatuluka wofanana mbali zonse. Mukautalikitsa amatuluka wosongoka, mukaufupikitsa amatuluka wophwatalala.

Kumapeto onse awiri zungulizani tepi, mbali yomata ili kunja, kuti izigwira ulusi. Tsopano tengani ulusi woyamba, muumate kutsinde, mutembenuze ndodo uku mukuutsogolera kuti udutse pa kadontho kapamwamba, kenako kapansi, kenako kapamwamba, mpaka kumapeto. Bwererani nawo podutsa pa timadontho tomweto. Pa kadontho kalikonse patuluka X. Imani apa. Yang'anani ndodo motsata kutalika kwake ngati mmisiri woyang'ana thabwa, muone ngati ma X onse ali pa mzere umodzi. Wopatuka mumukankhe ndi chikhadabo tsopano lino.

Zotsala ndi kuwonjezera ulusi m'mbali mwa woyambawo. Mukamawonjezera kumanja ndi kumanzere komwe, popita ndi pobwera, dayamondi amakula kuchokera pakati. Mukamawonjezera mbali imodzi yokha nthawi zonse, pamatuluka mawanga onga mutu wa muvi, amene amawatcha chevron, ndipo amenewa ndi abwino kuyambira. Mitundu mumasintha mmene mwafunira: maulendo anayi wofiira, umodzi wagolide, anayi wakuda. Lembani papepala dongosolo lanu musanayambe, chifukwa mukafika ulendo wa 30 mudzakhala mutaiwala ngati munadutsa kale kumanzere. Pakatha maulendo awiri kapena atatu alionse, kankhani ulusi kuti ugundane pa dayamondi aliyense, pamwamba ndi pansi pomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndodo yoyamba ikhoza kukutengerani madzulo atatu.

Mukamaliza, pakani mankhwala osunga mtundu kuti agwire ulusi, mangani lamba wa ulusi kumapeto onse awiri, dulani zotsala mosamala pansi pa lambayo, n'kuchotsa tepi.

Bwanji mawanga anga atsekeka kunsonga pomwe kutsinde kudakali mipata?

Chifukwa ndodo si yofanana kunenepa. Kumene yaonda malo ndi ochepa, ndiye ulusi umadzaza msanga. Ngati mukusiya blank ikuoneka pakati pa mawanga, zimenezi sizivuta. Koma mukafuna kutseka malo onse kuti pasaoneke blank, mtunda wa timadontho uyenera kusiyana: wotalikirapo pang'ono kumene ndodo yaonda, wofupikirapo kumene yanenepa, kuti mipata yonse itsekeke nthawi imodzi. Poyamba zimamveka ngati zotembenuka, koma ndi momwemo. Langizo langa n'lakuti mupange mawanga otseguka atatu kapena anayi musanayese otsekeka.

Nanga tiger wrap, yomwe imaoneka ngati ikuyenda mukatembenuza ndodo?

Njira imeneyi imadziwika ndi dzina la Scott Throop, wopanga ndodo wa ku America. Kuti mumvetse chinsinsi chake, pindani neti yotetezera udzudzu pawiri muiyang'ane kowala. Muona mafunde amene mulibe mu netiyo, ndipo mukasuntha mutu nawonso amasuntha. Ndi zomwezo.

Mumakulunga ulusi uwiri kapena utatu wa mitundu yosiyana kwambiri nthawi imodzi, uli pambalipambali, osakunga kwambiri. Mukamaliza mumaukhula ndi kanthu kosalala uku ndi uku kuti mizere ikhotekhote pang'ono. Pakani mankhwala osunga mtundu, kenako epoxy kamodzi kapena kawiri. Kuchindikala kwa epoxy ameneyu ndi kumene kumapatsa mawanga kuzama. Akauma, kulungani pamwamba ulusi wa makulidwe omwewo ndi chiwerengero chomwecho, koma kuyambira mbali inayo. Tenthetsani pang'ono ndi choumitsira tsitsi kuti ulusi ukhazikike, dikirani uzizire, kenako masulani ulusi winawo n'kusiya umodzi wokha. M'mipata yotsalayo ndi mmene mawanga a pansi amasuzumira. Palibe ndodo ziwiri zimene zimatuluka zofanana, ndipo simudziwa chimene mwapanga mpaka mutamasula. Chimenechi ndi chimene ndimaikondera.

Kodi n'zotheka kulemba dzina kapena kujambula nsomba ndi ulusi?

N'zotheka, ndipo kumeneku ndiye kuluka kwenikweni. Mumajambula chithunzi pa pepala la timabokosi. Mzere uliwonse wa timabokosi ndi ulusi umodzi wogonekedwa motsata ndodo, ndipo umatha kukhala 30, 50 kapena kuposa, uliwonse pa dzino lake la chipeso kuti isasokonezeke. Ulusi wina umazungulira ndodo. Pa ulendo uliwonse mumatukula ulusi umene uyenera kuoneka, wozungulirawo n'kudutsa pansi pake, ina yonse n'kuphimbika. Yambani ndi chilembo chimodzi cha dzina lanu, mtundu umodzi. Chambo chamitundumitundu chidzabwera m'tsogolo.

Epoxy wanji, ndipo ndimupake bwanji?

Wopangidwira ulusi wa ndodo, monga wa kampani ya Flex Coat ya ku Texas ndi ena otero. Ameneyu amauma pang'onopang'ono, amadzisalaza yekha, ndipo akauma amapindikabe. Wa m'sitolo ya zipangizo zomangira wouma m'mphindi 5 ndi womatira. Pa ulusi amachita chikasu n'kuthetheka.

Amabwera m'mabotolo awiri ndipo muyenera kuthira mofanana ndendende. Musayeze ndi maso. Gwiritsani ntchito masirinji amene amagulitsidwa nawo limodzi. A kuchipatala amakhala ndi timafuta ta silicone mkati, tomwe timaononga ntchito. Musasakanize ochepera mamililita 3 mbali iliyonse ngakhale mukupaka mphete imodzi, chifukwa pa tochepa kadontho kamodzi kolakwika kamasokoneza muyezo. Takasani pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu, mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu, mpaka ayere mbee. Kenako thirani pa pepala la aluminiyamu kuti atambasuke. Thovu limatuluka ndipo amachedwa kulimba.

Pakani ndi kaburashi kofewa uku ndodo ikuzungulira, mulole ulusi umwe, ndipo mudzaze timipata ta m'mbali mwa phazi la mphete chifukwa madzi amalowera mmenemo. Thovu lotsala liphulitseni pouzira mpweya ndi kapaipi komwera zakumwa. Kandulo ayi, imasiya mwaye.

Tsopano ndodo iyenera kuzungulira mpaka epoxy atagwira. Mota yozungulira maulendo 6 mpaka 18 pa mphindi ndi imene ambiri amagwiritsa ntchito. Popanda mota, tembenuzani ndi manja theka la kuzungulira pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse poyamba, kenako motalikirapo, kwa maola awiri kapena atatu. Ngakhale muli ndi mota musachoke panyumba. Tsiku lina ndinasiya ndodo ikuzungulira n'kupita kumsika, magetsi anazima, ndipo ndinapeza epoxy yense atalendewera pansi ngati madontho a uchi, pa mawanga amene ndinagwira sabata yonse. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinatha masiku awiri ndikupala.

Nyengo nayo ili ndi mawu. M'kutentha kwa Okutobala epoxy amalimba msanga, ndiye pakani m'mawa ndipo sakanizani wa mphete zochepa. M'kuzizira kwa Juni amakhala wolemera. Ikani mabotolo m'madzi ofunda musanayeze. Tsekani mawindo a mbali ya fumbi, ndipo usiku musasiye nyali pamwamba pa ndodo, tizilombo tingagweremo. Valani magolovesi, chifukwa epoxy wosauma amayabwitsa khungu la anthu ena. Musakhudze kwa maola 24. Mukafuna kudziwa ngati wauma, khudzani wotsala pa pepala lija.

Patha masiku awiri koma akumatabe. Ndichotse zonse?

Kawirikawiri ayi. Muyezo unalakwika kapena simunatakase mokwanira. Sakanizani wina molondola mupake mopyapyala pamwamba pake. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Mukaona kuti ndi wamadzimadzi ndithu, pamenepo mpofunika kuchotsa.

Kodi mawangawa salemeretsa ndodo?

Amalemeretsa akaikidwa polakwika. Kulemera kwa pafupi ndi dzanja simukumva n'komwe. Kulemera komweko kukakhala kunsonga, ndodo imachita ulesi: imanjenjemera mukaponya, ndipo kugogoda kwa nsomba pa nyambo sikufika bwino m'manja. Choncho kongoletsani kutsinde mmene mtima wanu wafunira, koma pa mphete za kunsonga ulusi ukhale wa A, waufupi, wongophimba phazi, epoxy wopyapyala. Ndaonapo ndodo zokongola mogometsa zimene eni ake anazipachika pakhoma chifukwa m'madzi zinali zolemera kumutu, ndipo zimandimvetsa chisoni, poti ntchito ya manja inali yabwino.

Pa ndodo zolemera za nsomba zikuluzikulu nkhani imasiyanako. Kumeneko amayamba ayala ulusi pansi pa phazi kuti chitsulo chisadye chubu, n'kumanga pamwamba kamodzi kapena kawiri. Ulusi wapansiwo ukasuzumira pakati pa mapazi awiri ndi mtundu wina, umakongoletsa uku ukuteteza.

Mitundu yowala sithamangitsa nsomba?

Mawanga ali pafupi ndi dzanja lanu, kutali ndi madzi. Chithunzithunzi chanu ndi phokoso la mapazi ndi zimene nsomba imayamba kuthawa. Pa mitundu, chimene ndingakuuzeni n'chakuti itatu imakwana: wozama, wowala, ndi kamzere konyezimira kolekanitsa.

Ndili ndi ndodo yakale imene mphete yake yagwedera. Ndingaphunzirirepo?

Ndi poyambira pabwino koposa. Tenthetsani epoxy wakale pang'ono ndi choumitsira tsitsi, osapitirira, chifukwa kutentha kwambiri kumafooketsa chubu. Dulani ulusi ndi lezala pamwamba pa phazi la mphete, kuti lezala ikaterereka ikumane ndi chitsulo osati ndodo. Sendani ndi chikhadabo. Nthawi zambiri mukapeza nsonga, ulusi wonse umamasuka wokha. Zotsalira zipaleni ndi kapulasitiki, pukutani ndi kansalu konyowa ndi spiriti, mulole paume. Ngati m'kati mwa mphete mwang'ambika kapena mwakumbika, isintheni, ingamadye chingwe. Kuti mudziwe, pititsanimo kathonje. Kakakodwa, mpheteyo yatha. Mangani yatsopano pamalo pomwe panali yakaleyo, muiwongole poyang'ana kudzera m'mphete zonse kuchokera kutsinde, ndipo pokhapokha mutakhutira kuti zili pa mzere umodzi, sakanizani epoxy.